A Yotamu Mbewe ndi Madzi Okana Kukwera Chitunda

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda a Yotamu Mbewe. Ndakhala ndikuzengereza kulemba za iwo monga mmene munthu amazengerezera kukachotsetsa dzino, ndipo chifukwa chake muchiona pakatipa: m'nkhaniyi inenso ndilimo, koma sindikuonekamo bwino.

Kwathu ndi kumtunda kwa Dambe, m'mapiri a Neno, kumene mbatata ya kachewere ndi manachesi zimachita bwino kuposa misewu. Ine ndine uja amati wowerenga. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndipo Chingerezi ndinachitola m'nyuzipepala zokulungira sopo kugolosale, kotero mawu ambiri ndimangowadziwa nkhope, sindinawamvepo akutchulidwa. Ulemerero umenewu ndiwo unandipatsa ulembi wa komiti ya madzi. A Mbewe, amene anali kapitawo wa ntchito yoika mapayipi m'dera lathu, ankakonda kuuza alendo kuti mlembi wawo amadziwa dzina la chida chilichonse m'zinenero ziwiri, koma ukamupatsa sipanala amaigwira kumutu.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe, woyenda ngati akuwerenga mapazi ake, ndipo nthawi zambiri ankawawerengadi. Paphewa sipankachoka kapayipi kapulasitiki koonekera m'kati, kokulungidwa ngati nkhata yaikulu. M'thumba la jekete munkakhala gaga. Akafika pamadzi alionse oyenda, kaya ndi mtsinje, kaya ngalande ya m'dimba, kaya madzi amvula othamanga m'njira ya ng'ombe, ankaima, n'kuwaza gaga pang'ono, n'kumayang'ana kumene akuthamangira, pamene akuzungulira, pamene akubwerera m'mbuyo. Ulendo wa ola limodzi ukakhala ndi iwo unkatha maola atatu. Akazi awo, a Nangozo, ankati anakwatiwa ndi mwamuna yekhayo m'Neno amene nkhuku zimamuperekeza mpaka kutchalitchi.

Tsiku lina m'chilimwe ndinawapeza pakamtsinje kathu atamanga zingwe za khonje, zina zodutsa kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina, zina zotsata mtsinje, mpaka madzi onse atagawika timabwalo ting'onoting'ono ngati ukonde.

"Mwayamba usodzi, a Mbewe?"

"Khalani chete, a Mlembi, mundisokoneza nyimbo."

Wotchi analibe. Ankaponya chitsononkho m'kabwalo kamodzi n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, ndipo chitsononkhocho chikatuluka m'kabwaloko ankalemba m'kope mawu amene nyimbo yafikapo. Pakati pamtsinje chinkatuluka mzere woyamba usanathe. M'mbali, pafupi ndi bango, chinkachedwa mpaka kolasi. Atatsiriza anandifotokozera maganizo awo, amene ndinadzawamvanso kambirimbiri mpaka ndinawaloweza. Ankati madzi sadziwa kumene akupita. Kadontho kalikonse kamangodziwa mnzake womukankha kumbuyo ndi mnzake womupatsa njira kutsogolo, basi. Choncho ukafuna kudziwa mtsinje usaufunse wonse nthawi imodzi, sukuyankha. Uudule tizigawo, ndipo kagawo kalikonse ukafunse kuti kalandira madzi ochuluka bwanji ndipo kapereka ochuluka bwanji. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Ndinali ndikuganiza za nsabwe za m'madzi zimene zinkandiluma m'miyendo.

Zimenezi sanaziphunzire kusukulu. Dziko litangolandira ufulu anakagwira ntchito yosenza simenti pamene ankamanga malo opangira magetsi pa Shire. Ankati kumeneko ndi kumene anaona koyamba anthu ophunzira akukangana ndi madzi papepala madziwo asanafike, ndipo iwo, thumba la simenti lili pamutu, anaganiza kuti ntchito yabwino padziko lapansi ndi imeneyo. Anapempha injiniya wina kabuku kakale ka manambala a mapayipi, kothothoka chikuto. Kabukuko anakasunga moyo wawo wonse m'chitini cha mabisiketi, ndipo ankakadziwa kuposa mmene abusa ena amadziwira Masalimo.

Kuseri kwa khitchini yawo kunali mapiri onse a kwathu, oumbidwa ndi dongo, otalika ngati bondo. Mapayipi ake anali mapesi a papaya. Asanaike payipi yeniyeni kulikonse ankayamba ayesa pamenepo, akuthira madzi kumtunda n'kumaona ngati afika kumunsi. Apa ndi pamene pankachokera mkangano wa m'banja umene mudzi wonse unkaudziwa, chifukwa dongolo linali la a Nangozo loumbira miphika, ndipo madziwo anali a m'ndowa yawo.

"Ine ndikatunge kudambo, ndikwere nawo phiri lonseli pamutu, inu muwathire pansi kuti muone ngati amatsika? Amatsika, bambo a Linile! Funsani ine! Amatsika!"

"Ndikufuna ndidziwe mmene amatsikira, mayi."

"Amatsika ngati mmene chitsikire chikho ichi pamutu panu."

Anakangananso ndi abusa athu za malo obatizira anthu. Anati dziwe limene mpingo unasankha lili ndi madzi ozungulira pansi, ndipo tsiku lina lidzagwetsa munthu. Abusa anati chikhulupiriro sichiyezedwa ndi gaga. Sindinena zambiri, koma chaka chotsatira amene anatuluka m'dziwemo akukwawa, nsapato imodzi itapita, anali wobatiza, osati wobatizidwa.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikupazungulira.

Zinali zaka zomalizira za chipani chimodzi, boma lathu likadali ku Mwanza, nthawi imene usanalowe mumsika unkayamba waonetsa khadi. Kunabwera chitukuko chakuti madzi a kasupe wa kuphiri atsike okha m'mapayipi, popanda injini, afike m'midzi isanu ndi pachipatala chaching'ono cha kumunsi. Boma lipereke mapayipi, ife tikumbe ngalande. Woyang'anira anali injiniya wochokera ku ofesi ya zamadzi ku Blantyre, a Gondwe, munthu wamtali wa ku Rumphi, wolankhula Chichewa chaulemu kwambiri chokhala ngati chasitidwa. Anabwera ndi pepala lalitali la mabowo m'mbali, lopindapinda, lodzaza manambala. Anati ku ofesi kwawo kuli kompyuta, ndipo m'kompyutamo muli pulogalamu imene imayendetsa madzi m'mapayipi ngakhale payipi imodzi isanaikidwe, n'kunena mphamvu imene madziwo adzakhale nayo pamalo alionse.

A Mbewe analitembenuza pepalalo kawiri.

"Kodi bwana wanuyo, a Kompyuta, anayamba afikako kuno?"

"Safika, bambo. Ndi makina, amakhala patebulo."

"Nanga mapiri athuwa amawadziwa bwanji?"

"Timawauza ife. Oyeza malo aja anabwera chaka chatha anatipatsa kutalika kwa malo alionse."

"Ndiye amakhulupirira chilichonse chimene mwawauza?"

"Chilichonse."

"Ooh. Ali ngati mlembi wangayu eti."

A Gondwe anaseka, kenaka anafotokoza mmene pulogalamuyo imagwirira ntchito: imadula njira ya madzi tizidutswa, n'kuwerengera zimene kachidutswa kalikonse kalandira ndi zimene kapereka kwa kanzake, n'kubwereza kambirimbiri mpaka zonse zitagwirizana. Ndinaona nkhope ya a Mbewe ikusintha. Anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kope lija la zingwe ndi nyimbo. Awiriwo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, mitu itagundana, tiyi atazizira. Sabata yonse yotsatira a Mbewe anawerengera okha manambala a papepalalo ndi kabuku kawo ndi pensulo. Anapeza kuti akugwirizana. Anakondwa, komanso ndikuganiza kuti kunawapweteka pang'ono, chifukwa a Gondwe anawauza kuti makinawo anamaliza zonsezo madzi a tiyi asanawire.

Oyeza malo aja anali atakhoma zikhomo zofiira zosonyeza mmene ngalande idutse. Kumunsi kwa chitunda cha Msuku zikhomozo zinalowa m'kamsitu kena n'kutulukira mbali ina. Kwa munthu wobwera, kanali kamsitu chabe. Kwa ife ndi manda. Mmenemo khasu limalowa ndi adzukulu okha, ndiponso pokhapokha kukagwa maliro. Muzu wa mtengo wa mmenemo sudulidwa. Ntchito yokumba itafika pamenepo a Mbewe kunalibe, ofesi inali itawatuma kukathandiza ntchito ina mbali ya ku Mwanza kwa masabata atatu.

Komiti inakumana. Kukumba m'manda sikukanatheka. Kulemba kalata yokana sikukanathekanso, chifukwa masiku amenewo kalata yoyamba ndi mawu akuti takana inkatha kumutengera munthu kumalo kumene sabwerako msanga. Ndiye wowerenga uja anatsokomola. Ndinati ndinawerenga m'buku kuti madzi a m'payipi amatha kukwera phiri, malinga ngati kumene achokera kuli kokwera kuposa phirilo. Kasupe wathu ali pamwamba kuposa chitunda cha Msuku, aliyense ankaona zimenezo ndi maso. Anthu anandiyang'ana ngati mneneri. M'mawa mwake tinazula zikhomo khumi ndi zinayi n'kukazikhoma kumtunda, kulambalala manda, kudutsa pamsana pa chitunda. Tinakumba, amene a Mbewe anawaphunzitsa kulumikiza mapayipi analumikiza, tinakwirira. Kapitawo pobwerako anapeza ntchito itapita patsogolo, anatiyamikira, ndipo palibe anatsekula pakamwa.

Tsiku loyesa, anatsekula madzi kuthanki ya kuphiri. Mipopi ya mbali ino ya chitunda inatulutsa madzi bwinobwino. Ya kuseri, ya midzi itatu ndi yachipatala, inatsokomola, inalavula, inatulutsa kamadzi koonda ngati ulusi, kenaka zii.

Anduna anali akubwera kudzatsekulira madziwo patatha masabata atatu. Amayi anali atayamba kale kukonzekera magule. Tcheyamani wa chipani m'dera lathu, a Kaliwo, sanali munthu woipa chibadwire, anali wogulitsa ng'ombe amene mantha anamukulira kuposa udindo. Pamsonkhano anaimirira n'kunena kuti:

"Mapayipi ndi a boma. Madzi ndi a Mulungu. Pepala ndi la Gondwe. Ndiye wolakwa mukumuona nokha."

Anati alembera akuluakulu kuti injiniya wa kumpoto uja wasokoneza dala chitukuko kuti achititse boma manyazi. Masiku amenewo anthu a kumpoto ankawaloza chala pa zinthu zambiri, ndipo aliyense pamsonkhanopo ankadziwa kuti kalata yotere sithera pa kuchotsedwa ntchito. A Gondwe anali ndi mkazi ndi khanda la miyezi iwiri ku Blantyre. Anakhala pabenchi manja ali pamaondo. Ndipo wolemba kalatayo akanakhala ndani? Mlembi. Ine ndemwe, wozula zikhomo.

A Mbewe anapempha masiku anayi kalata isanalembedwe. A Kaliwo anawapatsa atatu.

M'mawa mwake anabwera kwathu ndi kapayipi kawo kaja kodzaza madzi. Anati akufuna ayeze njira yonse ndi manja, ndipo pakufunika munthu wogwira mbali inayo. Kayezedwe kake n'kosavuta: wina aima kumunsi, wina kumtunda, madzi a m'kapayipi amaima molingana mbali zonse ziwiri, ndiye umayeza ndi ndodo kusiyana kwa nthaka, n'kulemba, n'kusuntha. Tinachita zimenezo kuyambira kuthanki, tikutsata chipsera cha ngalande. Dzuwa lili pamutu tinafika pafupi ndi manda. Anaima. Anayang'ana pepala la a Gondwe, anayang'ana chipsera chikukwera chitunda, anayang'ananso pepala.

"A Mlembi, pepalali likuti pano tizitsika. Nanga miyendo yangayi ikukwereranji?"

Ndinaulula zonse. Pomaliza ndinati, "Ndinawerenga kuti madzi amatha kukwera."

"Amakwera, inde. Nanga buku lanulo silinanene kuti amatopa? Kuti payipi imawadya mphamvu njira yonse, ndiye pofika pano amakhala alibe mphamvu zimene anachoka nazo kukasupe?"

"Tsamba lotsatira linali long'ambika."

Sindinaname. Linalidi long'ambika.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anavula chipewa n'kuyang'ana kukamsitu kuja. Mmenemo munagona makolo awo, ndi mwana wawo woyamba amene anamwalira asanayambe kuyenda. Kenaka anati:

"Mukanakumba mmenemo ndikanakuthamangitsani ndekha ndi khasu. Kusuntha zikhomo simunalakwe. Munalakwa posauza makina."

Tinamaliza kuyeza mpaka kuseri kwa chitunda. Tsiku lachiwiri, mbandakucha, ine, iwo ndi a Gondwe tinakwera pamwamba pa lole ya mbatata yopita ku Blantyre. Ananditenga, anati, kuti ndikaone tsamba lija linang'ambika.

Kompyutayo inali m'kachipinda kozizira, itafundidwa nsalu ngati mkate. A Mbewe anapempha madzi osamba m'manja asanakhale pampando. A Gondwe anaiyatsa, pagalasi panatuluka zilembo zobiriwira, ndipo anayamba kulowetsa manambala a m'kope la kapitawo, limodzi limodzi, m'malo mwa akale aja. Atamaliza anakanikiza batani. Makinawo anang'ung'udza pang'ono, kenaka anajambula mizere iwiri. Wina unali nthaka, wokwera ndi kutsika. Wina unali mphamvu ya madzi, wotsika pang'onopang'ono kuchokera kukasupe. Pamalo amodzi mzere wa nthaka unadumpha pamwamba pa mzere wa madzi.

"Apo," anatero a Mbewe, chala chili pafupi ndi galasi koma osalikhudza. "Pa Msuku. Sananame makinawa. Tinawabisira ife."

A Gondwe anatulutsa mpweya wautali ngati munthu amene wamutula katundu. Kenaka anayamba kuyesa njira zokonzera. Payipi yaikulu ikanathandiza, koma kunkhokwe kunalibe. Injini yopopera ikanathandiza, koma kwathu kunalibe magetsi.

"Nanga titabwerera m'njira yakale ija, bambo?" anafunsa a Gondwe.

"Limenelo musawafunse n'komwe."

Ndiye anayesa kudula msana wa chitunda kuti payipi itsike. Mita imodzi: mizere inagundanabe. Mita imodzi ndi theka: inatsala pang'ono. Mamita awiri, pamtunda wa mapazi ngati makumi asanu ndi awiri: mzere wa madzi unadutsa pamwamba. A Gondwe anaomba m'manja. A Mbewe sanaombe.

"Onjezani theka la mita. Ndipo pamwamba penipeni tiikepo kampopi kotulutsira mpweya."

"Pulogalamu ikuti mamita awiri akwana."

"Pulogalamu yanu ikuganiza kuti m'payipi muli madzi okhaokha. Madzi a kasupe amayenda ndi mpweya, a Gondwe. Akafooka pokwera amausiya pamwamba, umaunjikana, tsiku lina umatseka njira. Ifunseni ngati imaudziwa mpweya."

A Gondwe anakanda mutu, anavomera kuti siimaudziwa. Anati kumayiko akunja kuli mapulogalamu akuluakulu, ofuna makina odzaza chipinda, amene amajambula ngakhale mmene madzi amazungulirira kuseri kwa mwala, mmene thovu limayendera, mmene mphepo imakhotera paphiko la ndege. A Mbewe anamvetsera pakamwa pali potsekula pang'ono, ngati mwana womva za nyanja yamchere. Kenaka anapempha chinthu chimodzi: kuti poyesa komaliza akanikize okha batanilo. Analikhudza ndi chala chimodzi, mosamala, ngati akukhudza liwombo la khanda. Pobwerera, pamwamba pa lole yopanda katundu, titawoloka Shire, a Mbewe anangoti akanabadwa mochedwa ndi zaka makumi atatu, a Nangozo akanasunga dongo lawo.

Tsiku lachitatu masana tinakhala pakhonde la a Kaliwo, komiti yonse ilipo.

"Pepala la a Gondwe ndi lolondola," anatero a Mbewe. "Makina atsimikiza, ndipo ine ndatsimikiza ndi miyendo yanga. Zikhomo ndi zimene zinasuntha."

"Anasuntha ndani?"

Ndikufuna ndilembe kuti ndinaimirira. Pakamwa pokha ndinatsekula, zimenezo n'zoona, koma mawu anakana kukwera.

"Kapitawo pano ndi ndani, a Tcheyamani?" anafunsa a Mbewe.

"Ndinu."

"Ndiye mukufunsanso chiyani?"

"Koma inu kunalibe, a Mbewe. Munali ku Mwanza."

"Chikhomo chikasuntha kapitawo kulibe, milandu yake ndi iwiri, kusuntha ndi kusowa. Lembani yonse. Koma ndikufunseni: tsiku la anduna mukufuna chiyani, munthu m'ndende kapena madzi pampopi? Anduna sangamwe Gondwe. Ndipatseni amuna a midzi isanu ndi mapiki, madzi afika."

Ndikhulupirira kuti a Kaliwo ankadziwa zonse, chifukwa amalume awo anagona m'kamsitu komweko. Anati anthu awapatsa, koma akuluakulu anamva kale kuti madzi akanika, ndipo ayenera kulandira dzina. Kalatayo ndinalemba ine, pakhonde pomwepo, a Mbewe akundiuza mawu: kuti kapitawo anasintha njira ya payipi popanda chilolezo cha injiniya. Anandiuzanso kuti ndilembe bwino, akuluakulu angaganize kuti kwathu kulibe wowerenga.

Msana wa chitunda unali ndi thanthwe. Tinkakoleza moto pamwamba pake, likatentha n'kulithira madzi kuti ling'aluke, kenaka nyundo. Amayi anasiya kukonzekera magule n'kumasenza dothi m'madengu. A Gondwe anavula tayi, anagwira piki mpaka manja kuchita matuza. Zinatitengera masiku khumi ndi limodzi. Kutatsala masiku awiri kuti anduna afike, mpopi wa pachipatala unatsokomola, unalavula matope, kenaka unatulutsa madzi oyera amphamvu mpaka ndowa ya mzamba kugubuduzika. Nthungululu zake zinamveka mpaka pa Msuku.

Anduna anabwera, anapotokola mpopi, anayamikira nzeru za boma. A Mbewe pamwambowo panalibe. Anali pachitunda, dzanja lili pakampopi ka mpweya, kuopa kuti madzi angachite manyazi pamaso pa alendo.

Patatha mwezi kunabwera galimoto ya anthu amene sankatchula maina awo. Anawatenga a Mbewe, anawasunga masiku asanu ndi anayi. Anabwerako akuyenda bwinobwino koma khutu lakumanzere silinkamvanso, ndipo ntchito ya ukapitawo inali itatha. Zimene zinachitika kumeneko sanauze munthu, ngakhale a Nangozo. Ndinapita kwawo kukanena kuti ndikufuna kukaulula kuboma. Ananditembenuzira khutu logontha lija. Nditazungulira mbali inayo anandiuza kuti ndikatero aphatikiza anthu asanu ndi awiri a m'komiti pamlandu umene munthu mmodzi waumaliza kale, ndipo masamu otere ngakhale makina aja angawakane. Anandiletsa kunena iwo ali moyo. Ndinamvera, ndipo sindinama, kumvera kumeneko kunandikomera.

A Gondwe anasamutsidwa, anakwera maudindo, ana awo anakula ali ndi bambo. Pamaliro chaka chatha anabwera, mutu uli mbuu, ndipo anapempha kuti anyamule nawo bokosi. Chifukwa cha kutalika kwawo bokosilo linapendekera mbali imodzi njira yonse, koma palibe anawauza kuti asiye.

Ofesi inalonjeza kutumiza chipangizo chotulutsa mpweya chokha popanda munthu. Sichinafike. Mpweya unkaunjikana monga mmene ananenera, ndipo pakapita masiku awiri osautulutsa mipopi ya kumunsi inkayamba kufooka. Choncho m'mawa uliwonse munthu wochotsedwa ntchito uja ankakwera chitunda cha Msuku, n'kukhala pamwala wa pambali pa kampopi, n'kutsekula pang'ono. Ankamvetsera ndi khutu lotsalalo mpweya ukulira, mpaka kulirako kutasanduka kulavula, kenaka n'kutseka. Palibe anawatuma. Akulu ampingo atawadzudzula kuti akugwira ntchito tsiku la Sabata, anawayankha kuti apite akauze amayi oyembekezera pachipatala kuti ludzu lidikire dzuwa lilowe. Chipani chimodzi chinatha, zinabwera zambiri, iwo ankakwerabe. Miyendo itafooka anawonjeza ndodo. Chaka chomaliza ankapumira kanayi asanafike pamwamba.

Tsopano komiti inagawa masiku. Langa ndi Lachiwiri, ndipo mpaka lero ndimatsekula mopitirira n'kubwerako malaya atanyowa.

Pamalopo palibe chodabwitsa. Pali kabokosi ka simenti kong'aluka ngodya imodzi, ndi chivundikiro chachitsulo chimene anachimangirira ndi waya kuti ana asachitaye. Mbali zonse ziwiri kukuonekabe mpata umene tinadula m'thanthwe, wakuda ndi mwaye m'munsi, udzu utamera m'ming'alu. Ukaika phazi pansi umamva payipi ikunjenjemera pang'ono, madzi akudutsa kupita kuchipatala. Kumunsi kuli kamsitu kaja, kobiriwira ngakhale mu Okutobala, muzu wake uliwonse uli wathunthu, ndipo mtumbira watsopano uli chakum'mawa, pafupi ndi wa kamwana kaja. Mwala uja uli pomwepo, wosalala pamwamba, ndipo pambali pake pali kadzenje pamene pankaima nsonga ya ndodo. Palibe lamulo limene tinapangana, palibe anatchulapo pamsonkhano. Koma tonse asanu ndi awiri, aliyense tsiku lake, timatsekula titaimirira.